Kupeza nyumba ya lendi pa boma muli ndi galu

Mwezi uno wokha anthu atatu andiimbira foni ndi funso limodzimodzi. Woyamba ndi mphunzitsi amene amusamutsira ku Ntcheu, wachiwiri ndi namwino wopita ku Balaka, wachitatu ndi mlamu wanga weniweni. Onse akuti, "Inu mwazungulira maboma ndi galu wanu uja, nyumba mumaipeza bwanji?" Ndayankha mpaka kukhosi kwauma. Ndiye ndati ndingolemba kamodzi, wina akadzafunsanso ndizidzangomutumizira zomwezi.

Ndikunena za maboma ndi matauni ang'onoang'ono monga Ntcheu, Balaka, Dedza, Liwonde, Mchinji kapena Salima, osati ku Area 47 kapena ku Namiwawa kumene nyumba iliyonse ili ndi mpanda wake ndi geti lake. Pa boma nyumba zabwino n'zowerengeka, ndipo eni ake amadziwana, amapemphera limodzi, amakumana pamaliro. Mukayambana ndi mmodzi chifukwa cha galu, mbiri imafika kwa enawo dzuwa lisanalowe.

Chimodzi mudziwiretu, pakuti zonse ndalemba m'munsimu zatsamira pamenepo. Alandilodi ambiri sadana ndi galu. Ena amakondwera kumene, poti akuba amalambalala ploti yomwe pali galu. Chimene amaopa ndi milandu. Nkhuku ya aneba yagwidwa, mwana wa tenanti mnzanu walumidwa, wina wasamuka chifukwa usiku sagona, ndipo anthu onsewo sadzadandaula kwa inu, adzakagogoda kwa mwini ploti. Ntchito yanu ndi kumuonetsa kuti milandu imeneyo siidzafika pakhomo pake.

1. Yambani ndi galuyo, nyumba ibwere pambuyo

Musanaimbire aliyense foni, pitani naye kwa a vetenale. Pa boma lililonse amapezeka ku ofesi ya zaulimi, ndipo kumadera kuli alangizi a ziweto. Amubaye katemera wa chiwewe, akupatseni khadi kapena kalata yokhala ndi deti ndi chidindo. Kagalu kamabayidwa kakakwana miyezi 3, kenako muzibwereza chaka ndi chaka. Ngati munabayitsa pa kampeni, monga ija a Mission Rabies akhala akuchita ku Blantyre kuyambira 2015, fufuzani kapepala kamene anakupatsani. Kakasowa, bayitsaninso, kubwereza sikumuvulaza. Khadilo lijambuleni pa foni, chifukwa ndi limene lidzakulankhulireni tikafika pa nambala 5.

Muchotseninso nkhupakupa ndi utitiri, mumumwetse mankhwala a njoka zam'mimba. Landilodi akaona galu nthiti zili pamtunda, makutu ali zilonda zokhazokha zodyedwa ndi ntchentche, amadziwiratu kuti ameneyu amadzisakira yekha chakudya, ndipo galu wodzisakira yekha amayambira pa anapiye a aneba.

Ngati ndi wamkazi, ganizirani zomutseka. Amatentha pafupifupi kawiri pa chaka, milungu iwiri kapena itatu ulendo uliwonse, ndipo masiku amenewo agalu onse a m'tauni amadzachita msonkhano pa geti panu, kulumana ndi kulira usiku wonse. Pakatha masiku ngati 63, tiana tabadwa. Landilodi anavomera galu mmodzi, lero akuona asanu ndi awiri. Wamphongo mukamuthena kawirikawiri amachepetsa kulumpha mpanda kukasaka zibwenzi. Zoti galu wothena sauwa akuba ndi nkhambakamwa chabe, wanga amauwa mpaka aneba kudzuka. Ngati mudakali ku Lilongwe kapena ku Blantyre, mabungwe osamalira zinyama a LSPCA ndi BSPCA amachita opaleshoni zimenezi. Chitirenitu musanasamuke, chifukwa kumene mukupitako mwina simukapeza wodziwa kutseka wamkazi.

2. Dziwani nyumba imene mukufuna, ndi tanthauzo la mawu amene adzakuuzeni

Mdadada ndi nyumba zija zolumikizana khoma, mabanja anayi kapena asanu ndi limodzi pabwalo limodzi, mpopi umodzi, bafa ndi chimbudzi zogawana. Ndi zotsika mtengo, koma muli ndi galu wamkulu, iwalani. Pakhonde lililonse pali mbaula, poto wa ndiwo ali pansi, ana akukwawa, usipa auyanika pa thumba. Ngakhale galu wanu atakhala wofatsa ngati nkhosa, sabata siitha osamva dzina lanu likutchulidwa.

Boyizi ndi kanyumba ka kuseri kwa nyumba yaikulu, mumpanda umodzi ndi eni ake kapena ndi tenanti wina. Izi zimatheka, koma zimadalira amene ali m'nyumba yaikuluyo. Ngati nawonso ali ndi galu, makamaka onse akakhala amphongo, mukhala mukuleretsa ndewu.

Selefu ndiye imapusitsa ambiri. Mawuwa amangotanthauza kuti bafa ndi chimbudzi zili m'kati mwa nyumba. Sakunena kanthu za mpanda. Ndaonapo selefu yokongola, ya matailosi, itaima pa mtetete, njira ya ana a sukulu ikudutsa pakhonde penipeni.

Akakuuzani kuti "ili mumpanda", funsani mafunso awiri: mpanda wanji, ndipo mumpandamo muli mabanja angati? Wa njerwa ndi umene mukufuna. Wa tsekera kapena wa bango umangotchinga maso; galu amaboola tsiku limodzi, ndipo nkhuku zimalowa pansi momwe zifunira. Nyumba yokhala yokha mumpanda wa njerwa ndi yokwera mtengo paliponse. Thumba likakana, sankhani nyumba ya kumapeto kwa tauni ya ploti yaikulu, mudzamange khola ndi kukoka waya woti tcheni chizitsetserekapo. Kuyenda mtunda wautali popita kuntchito n'kopepuka kusiyana ndi kuzengedwa milandu sabata iliyonse.

Kwa amene mukupita ku Balaka, Liwonde, Mangochi, Salima kapena Nkhotakota, komwe abale athu Achisilamu ndi ambiri: kwa ambiri a iwo malovu a galu amadetsa, ndipo munthu amafunika akhale woyera popita ku swala. Si nkhanza, si kudana nanu. Ena amalola galu wolondera panja koma osati m'nyumba, ena salola n'komwe. Funsani mwaulemu, akakana thokozani muzipita. Akalola, mbale ya galu musamatsukire pa mpopi umene iwo amatungapo.

3. Funsani anthu oyenera

Pa boma nyumba siilengezedwa, imanong'onedwa. Akabaza amadziwa amene akusamuka chifukwa ndi amene amanyamula katundu. Alonda ndi mamesenjala a kuntchito kwanu amadziwa. Ogulitsa simenti ndi malata amadziwa amene akumaliza nyumba. Kutchalitchi kapena kumzikiti nenani pamaso pa anthu kuti mukufuna nyumba.

Koma munthu amene ambiri samuganizira ndi wa vetenale yemwe uja. Iye amadziwa makomo onse a m'tauni amene amabwera kudzabayitsa agalu, ndipo pakati pa makomo amenewo pali alandilodi. Munthu amene amasamala galu wake sadabwa kuona tenanti wa galu. Nyumba yabwino koposa imene ndinakhalamo ndinaipeza choncho, nditakhala pa benchi kudikira katemera.

Yambani kufunsa pakati pa mwezi, chifukwa ambiri amatuluka m'nyumba mwezi ukatha ndipo pofika pa 28 zabwino zimakhala zatengedwa. M'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook muziyang'anamo, koma samalani ndi maejenti. Ejenti amafuna ndalama yoonetsera nyumba, kenako yake ya pamwamba mukalowa. Mukamuuza za galu adzati "palibe vuto, bwana", chifukwa iye vuto alibedi: tsiku limene galu adzagwire nkhuku iye adzakhala ali kutali. Mawu a ejenti pa nkhani ya galu musawawerengere. Ndipo musatumize ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba musanalowe m'nyumbamo ndi mapazi anu n'kuonana ndi mwini wake.

4. Kukaona nyumba

Ulendo woyamba galu asiyeni. Mukaona zipinda, madenga ndi mipopi monga aliyense amachitira, tulukani muzungulire ploti yonse mukuyang'ana pansi. Pansi pa geti pali mpata wotani? Ngati nkhuku ingadutsepo, galu adzakumba n'kudutsanso. Kodi pafupi ndi mpanda pali mulu wa njerwa kapena chulu choti angakwerepo? Mthunzi ulipo? Dzuwa la October ku Balaka kapena ku Liwonde limatha kupha galu womangidwa pa mtetete. Dzala lili pati, ndipo kulibe dzenje la chimbudzi chakale longophimbidwa ndi malata?

Suzumirani kwa aneba mbali zonse. Werengani nkhuku, abakha, nkhunda, akalulu, mbuzi. Onani ngati anthu anazolowera kudulira njira paplotipo nyumba ili yopanda munthu, chifukwa sadzasiya tsiku limodzi. Ku Ntcheu, komwe M1 imadutsa pakati pa tauni, nyumba ya m'mphepete mwa msewu yopanda geti lolimba ndi manda a galu, malole samaima.

Onaninso pamene pali mita ya madzi ndi ya ESCOM. Ngati owerenga mita kapena aneba ogawana nawo ayenera kulowa mumpanda masana, muyenera kudziwiratu. Mukatero bwereraninso chakumadzulo, nthawi imene ana aweruka ndipo nkhuku zikubwerera, muone mmene pamakhalira anthu onse akakhalapo.

5. Kulankhula ndi eni nyumba

Apa ndi pamene ambiri amagwera, ndipo apa ndikhalitsapo.

Ndiyambe ndi kupusa kwanga. Ulendo woyamba kusamuka ndi galu ndinaganiza zochenjera. Ndinalipira miyezi itatu, osatchula kanthu, ndipo galu ndinabwera naye usiku pamwamba pa lole, pakati pa matiresi ndi matumba a chimanga. Ndinkati akadzamuona adzakhala atazolowera. Kuseri kwa nyumbayo kunkakhala mayi ake a landilodi, agogo a nkhuku zawo zambiri. Tsiku lachitatu m'mamawa ndinamva kukuwa. Nditatuluka ndinapeza galu wanga ali ndi thadzi kukamwa, anapiye asanu ndi anayi ali balala pabwalo, agogo ataima ndi tsache m'manja osalankhula kanthu. Anangondiyang'ana, n'kutola nthenga imodzi, n'kulowa m'nyumba. Madzulo mwana wawo anaimba foni. Nkhani ya nkhuku sanaitchule n'komwe. Anangoti, "Achimwene, munandibisira." Mwezi utatha ndinali pa msewu, ndipo ndalama ya miyezi iwiri inayo inabwera mwapang'onopang'ono mpaka ndinaleka kuiwerenga. Thadzi likanalipidwa tsiku lomwelo. Chimene sichinalipidwe ndi kubisa kuja.

Choncho nenani. Koma nthawi yonenera ili ndi pake. Musayambire pa foni ndi mawu akuti "ndili ndi galu", chifukwa munthu amene sanakuoneni amaona m'mutu mwake chigalu cholusa chimene chinamuthamangitsa ali mwana, ndipo kukana pa foni n'kosavuta. Musanenenso mutapereka kale ndalama, chifukwa pamenepo zimaoneka ngati mwamutchera msampha. Pitani nokha, khalani pansi, lonjeranani bwinobwino, adziwe kumene mumagwira ntchito ndi kwanu. Gwirizanani za lendi. Ndalama zikadali m'thumba, ndi pamene muitulutse nkhaniyo.

Musanatero, dziwani amene ali ndi mawu enieni. Nyumba zambiri za m'maboma eni ake ali ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni, ndipo paploti pali mayi awo, mkazi wawo, kapena mphwawo amene amatolera lendi. Bambo angavomere pa foni ali ku Johannesburg, koma amene amasesa pabwalo m'mawa uliwonse ndi amene adzakutulutseni. Funsani kuti, "Kodi pakhomo pano amayang'anira ndani tsiku ndi tsiku?" ndipo munthu ameneyo akhalepo pokambirana. Akakhala mayi, nkhope yanu iloze kwa mayiwo.

Mawu ake ine ndimanena chonchi: "Mayi, nyumbayi ndaikonda, koma pali chinthu chimodzi ndisakubisireni. Ndili ndi galu mmodzi. Uyu apa." Ndimapereka foni aone chithunzi, chimene galuyo wagona pansi mwana ali pambali, osati chimene waonetsa mano. Kenako khadi la katemera, m'manja mwawo, awerenge okha deti. Ndikatero ndimanena ndondomeko yake: "Masana amakhala m'khola. Ndimamumasula 9 koloko usiku geti litatsekedwa, ndimamumanga 5 koloko m'mawa anthu asanayambe kutunga madzi. Amadya kawiri, nsima ya mgaiwa ndi bonya. Chimbudzi chake ndimakwirira ndekha."

Mawu awiri musanene. Oyamba ndi akuti "saluma". Mwini galu aliyense amatero, ngakhale uja galu wake analuma dzulo, ndipo landilodi anawamvapo kale. Galu aliyense ali ndi mano. Chimene akufuna kumva ndi chimene inu mumachita kuti manowo asafike pa mwana. Achiwiri ndi akuti "ameneyu ndi mwana wanga". Kwa inu ndi chikondi, kwa agogo a pa boma ndi chizindikiro chakuti pa mlandu mudzaikira galu kumbuyo. Komabe ngati amalowa m'nyumba, nenani kuti amalowa, ndipo onjezani kuti zitseko akazikanda mudzakonza. Adzamuona ndithu pa windo tsiku lina.

Mukamaliza, khalani chete. Asiyeni alankhule. Akazengereza, funsani: "Chimene chikukudetsani nkhawa kwenikweni n'chiyani, mayi?" Yankho lake ndi limene likuuzeni choti mupereke. Akati nkhuku, lonjezani khola la galu lomanga ndi ndalama zanu musanalowe, ndi kutseka pansi pa mpanda. Akati adzukulu, gwirizanani maola omasula, ndipo khola likhale la loko. Akati phokoso, auzeni zoona za mmene amauwira. Akati tenanti wakale anasiya nyumba ikununkha, mabowo pabwalo ponse, perekani dipoziti yapadera yobwezedwa potuluka. Ndipo chimene chimatsegula zitseko zambiri ndi ichi: "Tiyeseni mwezi umodzi. Mukaona kuti sizikuyenda, mudzandiuze, ndidzamupezera kwina kapena ndidzasamuka popanda mkangano." Munthu amavomera msanga akadziwa kuti khomo lotulukira lilipo. Koma mukanena zimenezi, khalani ndi kwina kumene mungakamusiyedi.

Chimene sindikulangizani ndi kuthamangira kuwonjezera lendi. Anthu ambiri amaganiza kuti ndalama ithetsa nkhani. Lendi mukaikweza siitsikanso, chaka chamawa adzakwezera pamwamba pa yomweyo, ndipo ndalama imene landilodi akulandira siiletsa mayi wa kuseri kukwiya nkhuku yake ikafa. Ndalamayo ndi bwino ipite ku njerwa za khola.

Mverani bwino mayankho a kwathu kuno. "Palibe vuto, bola muzimumanga" ndi kuvomera. "Tiona", "ndikaganize kaye", "ndikafunse bambo" kawirikawiri ndi kukana kwaulemu. Mutha kubwererako kamodzi, makamaka ndi munthu amene iwo amamulemekeza, mkulu wa mpingo kapena mnzanu wa kuntchito amene ndi mwana wa m'deralo. Akabwerezanso "tiona", musakakamize. Landilodi wovomera mokakamizika amadikira cholakwa choyamba.

Akavomera, simunamalize. Pemphani kuti akuperekezeni kwa aneba, makamaka aja munawerenga nkhuku zawo. Dzidziwitseni, nenani za galu, asiyireni nambala yanu ya foni, muwauze kuti chilichonse chikachitika ayambe aimbira inu. Mphindi khumi zimenezi zimasintha zambiri: munthu amene munamulonjera amabwera kudzakuuzani, amene simunamulonjere amapita kwa amfumu, kapena amaponya nyama yothira temiki, mankhwala a makoswe aja, mumpanda usiku. Ngati n'kotheka, bwerani ndi galuyo pa chingwe tsiku lina musanasamuke, atasamba, amuone ndi maso.

6. Lembani

Sizifuna loya. Pepala la m'kope likwana, awiri ofanana, limodzi lanu limodzi lawo, aliyense asaine, pakhale mboni imodzi mbali iliyonse. Pamwamba pa za lendi, tsiku lolipira ndi notisi ya mwezi, lembani kuti mwini nyumba walola galu mmodzi, ndipo tchulani maola omasula. Lembani za tiana ngati ndi wamkazi wosatseka: tidzachoka tikakwana miyezi ingati. Lembani kuchuluka kwa dipoziti ndi zimene ingadulidwire. Lembani za khola ndi mpanda umene mukonze: kodi ndalamayo idzachotsedwa pa lendi, kapena mudzaphwasula n'kutenga malata anu potuluka? Apa anthu amayambana kwambiri, poti landilodi amaona ngati chilichonse chomangidwa paploti pake ndi chake.

Za chiweto chogwidwa, musalembe mtengo m'makwacha. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mtengo wa nkhuku umene mungalembe lero pofika chaka chamawa udzakhala chipongwe. Lembani kuti mudzabweza chiweto chofanana nacho kapena mtengo wa pamsika wa tsiku limenelo.

Ndalama iliyonse mukapereka, lisiti. Mukatumiza pa foni, uthenga wake musafufute.

7. Tsiku losamuka ndi masabata awiri oyamba

Khola limangidwe galu asanafike. M'minibasi makondakitala ambiri amakana galu, ndipo okwera anzanu sangakondwe, choncho akwere galimoto imene yanyamula katundu, womangidwa chingwe chachifupi kuti asalumphe, pamthunzi, munthu womudziwa ali pambali. M'mawa wa ulendo musamudyetse kwambiri, amasanza. Madzi okha muzimupatsa mukaima. Khadi likhale m'thumba la malaya, osati pansi pa sutikesi, chifukwa pa rodibuloko akhoza kulifuna. Pobayitsa paja funsaninso a vetenale ngati pakufunika kalata yoyendera kuchoka boma lina kupita lina.

Musanamutsitse, zungulirani ploti ndi nyumba yonse kufufuza mankhwala a makoswe amene tenanti wakale anasiya, kuseri kwa zitseko, m'sitolo, pa dzala. Temiki pang'ono chabe amapha galu msangamsanga.

Masabata awiri oyamba musamumasule yekha ngakhale usiku. Sakudziwa kuti pano ndi kwawo, ndipo akapeza mpata amayamba ulendo wobwerera kumene anachoka. Muzizungulira naye mpanda pa chingwe m'mawa ndi madzulo. Masiku oyamba adzalira usiku. Chigudulu kapena thumba limene ankagonera kwakale limathandiza. Ana a aneba adzabwera kudzasuzumira. Atulutsireni galuyo inu mulipo, muwauze dzina lake, muwachenjeze kuti asamugende ndiponso asamuyandikire akamadya.

Kunena za dzina: agogo athu ankatcha agalu maina olasa aneba, ndipo wanga woyamba uja ndinamutengera kumudzi ali kale ndi dzina lakuti Ndalakwanji. Taganizani munthu wachilendo paploti, m'mawa uliwonse ali pakhonde kukuwa kuti "Ndalakwanji! Ndalakwanji!" mayi wa nkhuku ali kuseri akumva. Ngati wanu ali ndi dzina lotere, muzimuitana ndi likhweru.

8. Zikachitika

Akagwira nkhuku, musadikire kuti mwini wake abwere. Nyamulani nkhukuyo, pitani nokha, pepesani, bwezani tsiku lomwelo, ngakhale nkhukuyo ndi imene inalowa mumpanda mwanu. Mukhoza kukhala olondola, koma kulondola kwa mtengo wa thadzi limodzi kungakuchotseni m'nyumba. Kenako auzeni alandilodi nokha asanamve kwa ena, muwauzenso kuti nkhaniyo yatha.

Akaluma munthu, ngakhale kungokanda ndi dzino, nkhani ya nyumba iyambe yaima. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, osati kungopukuta. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, transipoti ndi yanu. Tengani khadi, ndipo kawirikawiri amafuna mudzerenso kwa a vetenale kuti alembe kalata yonena za galuyo. Musalole kuti anthu amuphe chifukwa cha mkwiyo: amangidwe, ayang'aniridwe masiku 10, chifukwa mmene akhalire masiku amenewo zimathandiza achipatala kudziwa ngati panali chiwewe. Zoika ubweya wa galu pa bala kapena kudikira kuti "tione kaye" zisiyeni. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro mwa munthu sichichizika, ndipo ana ndi amene amalumidwa kwambiri.

Muzitcheranso khutu ku zolengeza za khonsolo ndi a vetenale. Nthawi zina amalamula kuti agalu onse amangidwe, ndipo wopezeka akuyendayenda masiku amenewo amawomberedwa, alibe kufunsa kuti ndi wa yani.

Za mphaka, poti namwino uja ali ndi mphaka osati galu: alandilodi ambiri savuta, ena amachita kukupemphani chifukwa cha makoswe. Vuto lake ndi anapiye, nkhunda, ndi pakamwa pa anthu, pakuti alipo amene akaona mphaka wachilendo, makamaka wakuda, pa denga pawo usiku amayamba kunong'ona za ufiti. Muvekeni kansalu kowala kapena kabelu m'khosi kuti aliyense adziwe kuti ali ndi mwini, muonetseni kwa aneba masana, mutsekereni m'nyumba masabata awiri oyamba. Katemera wa chiwewe nayenso amafunika.

Tsiku lotuluka m'nyumbamo likadzafika, kwirirani mabowo onse amene anakumba, pakani laimu pamene anadetsa khoma, konzani chitseko chimene anakanda, thirani mankhwala a utitiri m'khola ndi m'nyumba. Itanani alandilodi muzungulire limodzi ploti musanapereke makiyi, dipoziti mukambirane muli pomwepo. Ndipo apempheni nambala yawo kuti landilodi wa kumene mukupita adzawaimbire. Ine nyumba imene ndikukhala pano, mayi eni ake anangoimba foni imodzi kwa landilodi wanga wakale ku Ntcheu, n'kufunsa kuti, "Galu wakeyo ngotani?"